Mafunso ndi mayankho: majini, kubadwa ndi ziwalo zoberekera zosiyana ndi za anthu ambiri, ndi nkhani ya kubereka

Mafunso ali m'munsimu amachokera kwa makolo a ana obadwa kumene, kwa achinyamata amene thupi lawo silikusintha ngati la anzawo, ndi kwa mabanja amene akusowa mphatso ya mwana. Mayina a matenda tawalemba mmene madokotala amawalembera, kuti mukawaona m'buku lanu la kuchipatala muwazindikire.

Kodi DSD n'chiyani?

Ndi chidule cha dzina la Chingerezi loti Disorders of Sex Development, limene akatswiri anagwirizana pa msonkhano wa ku Chicago mu 2005. Limaphatikiza mabadwidwe onse amene makromozomu, machende kapena mabasiketi a mazira, ndi maliseche sizigwirizana monga zimakhalira mwa anthu ambiri. Ena amagwiritsa ntchito dzina loti intersex.

DSD si nthenda imodzi. Mitundu yake ndi yambiri ndipo imasiyana kutalitali. Wina amadziwika tsiku lobadwa, wina akafika msinkhu woyamba kusamba koma osasamba, wina atakhala zaka pabanja popanda mwana. Pa ana pafupifupi 4,500 obadwa, mmodzi amabadwa ndi maliseche oti azamba sangathe kunena nthawi yomweyo ngati ndi wamwamuna kapena wamkazi. Choncho funso loti "kodi adzabereka?" silingayankhidwe mpaka mtundu weniweni wa DSD utadziwika.

N'chiyani chimachititsa kuti mwana akhale wamwamuna kapena wamkazi?

M'maselo a munthu muli makromozomu 46, ndipo m'menemo ndi mmene muli majini, malangizo oumbira thupi amene timatengera kwa makolo. Awiri mwa makromozomuwo ndi XX mwa akazi ambiri ndi XY mwa amuna ambiri. Komabe mpaka sabata ya 6 ya pathupi, ana onse amakhala ofanana. Aliyense amakhala ndi tiziwalo tiwiri timene tingasanduke machende kapena mabasiketi a mazira, komanso timachubu ta mitundu iwiri, tachimuna ndi tachikazi.

Pa kromozomu ya Y pali jini lotchedwa SRY, limene linapezeka mu 1990. Likagwira ntchito limadzutsa lina lotchedwa SOX9, tiziwalo tija n'kukhala machende. Machendewo amatulutsa mahomoni awiri, timadzi timene timayenda m'thupi kukauza ziwalo zochita. AMH imafafaniza timachubu timene tikanakhala chiberekero. Testosterone amakulitsa njira zodutsamo mbewu ya abambo, ndipo pakhungu la kumaliseche amasandulika DHT, homoni yamphamvu imene imaumba chida cha abambo ndi thumba la machende pakati pa sabata ya 8 ndi ya 12. SRY pakalibe, majini ena monga WNT4, RSPO1 ndi FOXL2 amaumba mabasiketi a mazira, chiberekero n'kukula.

DSD imabwera pamene chimodzi mwa zimenezi sichinayende: makromozomu achuluka kapena aperewera, tiziwalo tija sitinakhwime, homoni sinapangidwe, kapena yapangidwa koma thupi silikuimva.

Kodi ndi ufiti, tsempho, kapena pali chimene mayi analakwitsa ali woyembekezera?

Ayi. Si ufiti, si kusempha mwambo, si chakudya chimene mayi anadya, ndiponso si umboni woti wina anayenda njira kunja kwa banja. Kusintha kwa majini kumachokera kwa makolo iwo osadziwa, kapena kumachitika dzira kapena mbewu ikamapangidwa, kapena masiku oyambirira mayi asanadziwe n'komwe kuti waima. Mwa ana ochepa kwambiri chimachititsa ndi mankhwala okhala ndi mphamvu ya mahomoni achimuna, monga danazol, kapena chotupa chimene mayi ali nacho. N'chifukwa chake dokotala amafunsa za mankhwala onse amene munamwa, osati pofuna kukuimbani mlandu.

Kubisa mwana m'nyumba chifukwa cha manyazi n'kumene kumaika moyo wake pachiswe, monga mmene funso la nthenda ya CAH likufotokozera m'munsimu.

Mwana wabadwa koma sizikudziwika kuti ndi mwana wanji. Tichite chiyani masiku oyamba?

Musatuluke m'chipatala mwana asanaonedwe ndi dokotala wa ana, ndipo ngati muli pachipatala chaching'ono pemphani kalata yopita ku chachikulu, monga Queen Elizabeth ku Blantyre, Kamuzu Central ku Lilongwe, Zomba, Mzuzu, kapena University Teaching Hospital ku Lusaka.

Dokotala amayamba ndi kupapasa m'mphechepeche ndi pamaliseche. Akapeza kanthu kolimba ngati tchende, nthawi zambiri mwanayo ali ndi kromozomu ya Y, chifukwa basiketi la mazira silitsika. Akapanda kupeza kanthu mbali zonse ziwiri, amaganiza za CAH mpaka mayeso atasonyeza kuti si iyo. Kenako pamabwera sikani yoona ngati chiberekero chilipo, kuyeza shuga, sodium ndi potassium m'magazi mobwerezabwereza, kuyeza homoni ya 17-OHP, imene imakwera mwa ana a CAH, mwana akakwanitsa maola 48, ndi kuwerenga makromozomu, kumene kumatchedwa karyotype. Mayeso omalizawa amafuna labotale yapadera ndipo zotsatira zimatenga nthawi.

Achibale akamafunsa, mungayankhe kuti madokotala akumuonabe mwanayo. Dzina lingadikire, kapena mungasankhe loyenera mnyamata ndi mtsikana yemwe, monga Chikondi kapena Mphatso. Musamuchite mdulidwe mwana amene kabowo kake ka mkodzo kali kunsi kwa chida, chifukwa khungulo limadzafunika pa opaleshoni.

CAH n'chiyani, ndipo n'chifukwa chiyani madokotala amaithamangira?

CAH ndi nthenda yobadwa nayo ya kachiwalo kotchedwa adrenal, kamene kali pamwamba pa impso iliyonse. Kamapanga cortisol, amene amathandiza thupi kupirira matenda, ndi aldosterone, amene amasunga mchere m'thupi. Mwa ana oposa 90 pa 100 alionse a CAH, jini la CYP21A2 limakhala lowonongeka, ndiye enzayimu ya 21-hydroxylase, imene imathandiza kupanga mahomoni awiriwa, imasowa. Zinthu zimene zikanakhala cortisol zimaunjikana n'kusanduka mahomoni achimuna. Mtsikana wa XX amabadwa ndi mkongo waukulu ndi milomo ya maliseche yomatana, nthawi zina mpaka kuoneka ngati mnyamata amene machende ake sanatsike, koma m'kati chiberekero ndi mabasiketi a mazira zimakhala bwinobwino.

Mtundu waukulu wa CAH umapezeka mwa mwana mmodzi pa ana pafupifupi 15,000, ndipo atatu mwa anayi alionse amataya mchere mumkodzo. Ngozi imafika sabata yachiwiri kapena yachitatu: mwana amakana bere, amasanza, amaonda, liwombo limalowa m'kati, kenako amakomoka. Zizindikirozi zimafanana ndi za matenda ena a makanda, ndiye n'zosavuta kusokoneza. Anyamata ndiwo amaphonyedwa kwambiri popeza maliseche awo amaoneka bwino. Banja limene linatayapo khanda lalimuna mwa njira yotereyi liuze dokotala.

Mankhwala ake ndi hydrocortisone katatu patsiku, fludrocortisone, ndi mchere wa magalamu 1 mpaka 2 patsiku kwa khanda, ndipo mlingo wake dokotala amauwerengera malinga ndi kukula kwa mwana. Hydrocortisone ndi wa moyo wonse. Mwana akadwala malungo kapena kutentha thupi, mlingo umawirikizidwa kawiri kapena katatu. Akamasanza osasunga mankhwala, akufunika jakisoni msangamsanga.

Kodi munthu wa CAH angabereke?

Inde, ndipo pa mitundu yonse ya DSD uwu ndi umene uli ndi chiyembekezo chachikulu. Mkazi ali ndi mazira ndi chiberekero. Zimene zimamutchinga ndi mahomoni achimuna amene amaletsa dzira kukhwima, progesterone wochuluka amene amapyapyalitsa khoma la chiberekero ndi kulimbitsa chikazi cha pakhomo pake, komanso kuchepa kwa njira ya abambo kapena zipsera za opaleshoni. Mankhwala akakonzedwa bwino asanayambe kufuna pathupi, ambiri amatenga mimba. Kawirikawiri amachira ndi opaleshoni, ndipo pa nthawi yochira amafunika hydrocortisone woonjezera.

Mwa amuna vuto ndi totupa totchedwa TART, timene timamera m'machende. Si khansa, koma timafinya njira za mbewu mpaka kuzitseka. Timakula kwambiri mwa amene amadumphitsa mankhwala. Sikani ya machende kuyambira pa unyamata imatipeza tisanawononge.

Mtsikana wakwanitsa zaka 15 koma sanayambe kusamba. Chingakhale chiyani?

Ayenera kuonedwa, monganso amene wafika zaka 13 mawere asanayambe kumera. Zifukwa zina ndi kuperewera kwa chakudya m'thupi, matenda okhalitsa kapena njira yotsekeka. Za DSD zilipo zinayi, ndipo dokotala amayamba kuzisiyanitsa ndi mafunso awiri: mawere amera? Chiberekero chilipo?

Turner syndrome ndi pamene mtsikana ali ndi X imodzi yokha, 45,X. Imapezeka mwa mmodzi pa atsikana 2,000 mpaka 2,500. Amakhala wamfupi, mawere samera chifukwa mazira amatha msanga, koma chiberekero chilipo. Ena amakhalanso ndi vuto la mtima kapena impso. Swyer syndrome ndi pamene munthu ali ndi XY koma machende sanapangike, ndiye panalibe AMH kapena testosterone. Thupi ndi lachikazi, chiberekero chilipo, mawere samera, ndipo nthawi zambiri ndi wamtali. Pafupifupi 15 pa 100 alionse vuto limakhala pa SRY.

Mu CAIS munthu ali ndi XY ndi machende amene akupanga testosterone wokwanira, koma jini la AR, limene lili pa kromozomu ya X, ndi lowonongeka. Kiyi alipo koma loko satseguka. Thupi limasandutsa testosterone uja kukhala estrogen, homoni yachikazi, ndiye mawere amamera bwino, tsitsi la kukhwapa ndi la kumaliseche limakhala lochepa, ndipo chiberekero palibe chifukwa AMH inagwira ntchito yake. Ena amadziwika ali aang'ono, dokotala akapeza tchende pochita opaleshoni ya chotupa cha m'mphechepeche. Mu MRKH mkazi ali ndi XX, mabasiketi a mazira akugwira ntchito, mawere ndi tsitsi zili bwino, koma chiberekero ndi mbali ya m'kati ya njira ya abambo sizinakule. Zimachitikira mmodzi pa akazi 4,500 mpaka 5,000.

Nanga mwa amenewa, ndani angakhale ndi pathupi?

Pamafunika zinthu ziwiri, dzira ndi chiberekero, ndipo aliyense wa anayiwa akusowa chake.

Wa Turner ali ndi chiberekero koma mazira ndi ochepa kapena palibe. Amene amatenga mimba mwachibadwa ndi pafupifupi 5 pa 100 alionse, ndipo ambiri mwa iwo ndi amene maselo awo ena ali ndi XX. Mimba zotere zimapita padera kawirikawiri. Ena amabereka ndi dzira lopatsidwa ndi mkazi wina kudzera mu IVF, njira yokumanitsa dzira ndi mbewu mu labotale. Pano tikutsindika: mkazi wa Turner asatenge pathupi mtima usanaunikidwe. Mtsempha waukulu wa aorta umatha kung'ambika ali woyembekezera, ndipo imfa yake ndi yadzidzidzi. Mtsemphawo ukapezeka kuti ndi wotupa kale, madokotala amalangiza kuti asatenge mimba.

Wa Swyer alibe mazira, koma chiberekero chake chikakulitsidwa ndi estrogen ndi progesterone chimatha kusunga mwana wa dzira lopatsidwa, ndipo akazi otere aberekapo. Wa MRKH ali ndi mazira ake, ndiye mwana wa magazi ake angabadwe mkazi wina atamusungira mimba. Ku South Africa lamulo limalola zimenezi khoti lalikulu likavomereza, kwa anthu okhazikika m'dzikomo. Mwana woyamba wochokera m'chiberekero chochita kuikirira anabadwa mu 2014 ku Gothenburg, m'dziko la Sweden, koma opaleshoniyi ikuchitika m'zipatala zowerengeka padziko lonse. Wa CAIS alibe dzira kapena chiberekero, ndipo sangakhale ndi pathupi. Kumulonjeza zina n'kumudyera ndalama. Angakwatiwe, angakhale malo amodzi ndi mwamuna wake, ndipo ngati njira ndi yaifupi imatalikitsidwa pang'onopang'ono ndi tizipangizo totchedwa dilator popanda opaleshoni. Kulera mwana wa m'bale kapena wamasiye ndi njira imene mabanja athu amaidziwa kale.

Umuna wanga wapezeka kuti mulibe mbewu. Kodi majini angakhale chifukwa?

Choyamba mayeso abwerezedwe, mutakhala masiku 2 mpaka 7 osagonana. Mbewu zimatenga masiku pafupifupi 74 kuti zikhwime, ndiye kudwala malungo miyezi iwiri yapitayo kungasokoneze zotsatira. Kutsekeka kwa njira chifukwa cha matenda opatsirana pogonana kapena likodzo nakonso kumachititsa zimenezi.

Pa zifukwa za makromozomu, chofala kwambiri ndi Klinefelter syndrome, 47,XXY, imene imapezeka mwa mwamuna mmodzi pa 600 alionse. Ambiri amakalamba osadziwa. Machende amakhala aang'ono ndi olimba, osapitirira mamililita 4 kapena 5 pamene a mwamuna wamkulu amakhala 15 mpaka 25. Ena amakhala ataliatali, a ndevu zochepa, kapena amamera timawere. M'magazi mumachuluka FSH, homoni imene ubongo umatumiza kuti machende apange mbewu. Ngakhale mu umuna mulibe kanthu, m'machende mumatsala timalo timene tikupangabe mbewu. Opaleshoni ya micro-TESE, imene dokotala amafufuza ndi maikulosikopu, imapeza mbewu mwa amuna 40 mpaka 50 pa 100 alionse. Mbewu imodzi imabayidwa m'dzira mwa njira ya ICSI, imene inayamba kubereketsa ana mu 1992 ku Brussels.

Pali amuna ena, mmodzi pa 20,000, amene ali ndi XX. Mwa ambiri a iwo SRY inasamukira pa kromozomu ya X mbewu ya bambo awo ikupangidwa. Thupi ndi lachimuna, koma mbali za Y zotchedwa AZF, zimene zimapangitsa mbewu, palibe. Kwa iwowa micro-TESE ndi kungovutitsa thupi. N'chimodzimodzi mwamuna wa XY amene AZFa kapena AZFb yonse inathothoka. Ikakhala AZFc, mbewu zimapezeka mwa ambiri, koma ana ake aamuna adzatengera vutolo. Karyotype ndi mayeso a Y zichitike musanalipire opaleshoni iliyonse.

Kusowa mbewu si kusowa mphamvu ya kuchipinda. Amuna ambiri oterewa amagonana bwinobwino, n'chifukwa chake mlandu umagwera mkazi kwa zaka zambiri mwamunayo asanayezedwe.

Kodi jakisoni wa testosterone angandithandize kubereka?

Ayi, amachita zosiyana. Ubongo ukaona testosterone wochuluka m'magazi umasiya kutumiza mahomoni a LH ndi FSH, machende n'kusiya kupanga mbewu. Mwamuna wa Klinefelter amafunikadi testosterone kuti mafupa ndi minofu zikhale zolimba, koma ngati akufuna mwana akambirane ndi dokotala za kufufuza mbewu asanayambe. Amene anayamba kale amasiyitsidwa kwa miyezi ingapo.

Osiyana ndi amene machende awo ndi abwino koma ubongo sukuwatuma, monga mu Kallmann syndrome, imene munthu satha msinkhu ndiponso samva fungo. Iwowa majakisoni a hCG ndi FSH amadzutsa mbewu mwa ambiri, ngakhale zimatenga miyezi 6 mpaka zaka 2.

Mwana amene tamulera ngati mtsikana mawu ake akukula ndipo thupi likusintha ngati la mnyamata. Chikuchitika n'chiyani?

Ngati si CAH yosalandira mankhwala, nthawi zambiri ndi mwana wa XY amene ali ndi machende obisika. Chifukwa chodziwika bwino ndi kusowa kwa enzayimu ya 5-alpha reductase, chifukwa cha jini la SRD5A2. Popanda enzayimuyi DHT sapangidwa mokwanira, ndiye mwana amabadwa akuoneka ngati mtsikana. Pakutha msinkhu testosterone amachuluka kwambiri, mawu amakula, minofu imalimba, chida chimakula, ndipo mawere samera. Julianne Imperato-McGinley anafotokoza za mabanja ambiri otere ku Dominican Republic mu 1974. Kuwonongeka kwa jini la HSD17B3, kapena PAIS, imene thupi limamva testosterone pang'ono chabe, kumaoneka mofananako.

Ambiri a 5-alpha reductase amadzasankha kukhala amuna, ena amakhalabe akazi. Mwanayo ndi amene akudziwa mmene akumvera, ndipo afunsidwe mwaulemu, payekha, asanachitidwe chilichonse. Ngati akufunika nthawi yoganiza, alipo mankhwala oimitsa kutha msinkhu kwa kanthawi. Kubereka ndi kovuta chifukwa machende amakhala nthawi yaitali pamalo otentha, umuna umakhala wochepa ndi wolimba, ndipo kabowo kamakhala kunsi. Komabe ena aberekapo, ochepa mwachibadwa, ena mbewu zitaikidwa m'chiberekero cha mkazi kapena ndi ICSI. Kutsitsa machende mwana adakali wamng'ono kumateteza mwayi umenewu.

Kodi alipo munthu wokhala ndi machende ndi mabasiketi a mazira pamodzi? Angadzipatse mimba?

Alipo, ndipo izi zimatchedwa ovotesticular DSD. Padziko lonse n'zosowa, koma madokotala a ku Durban ndi Johannesburg akhala akuzipeza kawirikawiri kuposa a ku Ulaya. Ambiri mwa odwala a kum'mwera kwa Africa ali ndi XX ndipo alibe SRY. Mbali ya basiketi nthawi zambiri imakhala ndi mazira abwino, ndipo amene ali ndi chiberekero ena aberekapo. Mbali ya tchende sikawirikawiri kupanga mbewu. Palibe munthu amene anadzipatsapo mimba. Mnyamata amene wamera mawere ndipo amakodza magazi kapena kumva kupweteka m'mimba mwezi ndi mwezi aunikidwe, asangopatsidwa mankhwala a likodzo mobwerezabwereza.

Kodi machende obisika ayenera kuchotsedwa poopa khansa?

Zimadalira mtundu. Ngozi imakhalapo pamene pali kromozomu ya Y ndipo tiziwalo sitinakhwime bwino. Mu Swyer chotupa chimamera mwa 15 mpaka 35 pa 100 alionse, nthawi zina ali ana, ndipo tiziwaloto sitipanga homoni iliyonse, ndiye timachotsedwa matendawa akangodziwika. N'chimodzimodzi mtsikana wa Turner amene wapezeka ndi mbali ya Y. Mu CAIS ngozi ndi yochepa kwambiri asanathe msinkhu, ndipo machendewo ndi amene amameretsa mawere ndi kulimbitsa mafupa, choncho madokotala ambiri amadikira kuti mwiniwake akule n'kusankha. Amene wachotsedwa tiziwalo tonse tiwiri amafunika mahomoni mpaka zaka pafupifupi 50 ngati ndi mkazi, apo ayi mafupa amafooka.

Nanga opaleshoni yokonza maonekedwe a maliseche, ichitike mwana ali khanda?

Yothandiza kuti mkodzo utuluke, kapena yoteteza moyo, sidikira. Yokonza maonekedwe okha ili pa mtsutso. Akuluakulu ambiri amene anachitidwa ali makanda adandaula za zipsera, kusamva kukoma pogonana, ndi kupatsidwa thupi limene iwo sakanasankha. Malta inaletsa maopaleshoni otere popanda chilolezo cha mwiniwake mu 2015, ndipo Germany inakhwimitsa lamulo mu 2021. Maganizo athu ndi akuti chilichonse chosabwezereka, makamaka kuchotsa tchende, basiketi la mazira kapena chiberekero, chisachitike mtundu wa DSD usanadziwike. Mwana angaleredwe ngati mnyamata kapena mtsikana popanda mpeni.

Kodi mwana wotsatira adzabadwanso chimodzimodzi?

Turner, Klinefelter ndi amuna a XX zimachitika mwangozi, ndipo sikawirikawiri kubwereza m'banja limodzi. CAH ndi 5-alpha reductase zimafuna kuti bambo ndi mayi onse akhale ndi jini limodzi lowonongeka, iwo eni ali bwinobwino. Pa mimba iliyonse mwayi woti mwana atenge onse awiri ndi 1 pa 4, ndipo kubadwa kwa mmodzi wodwala sikuteteza atatu otsatira. M'maukwati a pachisuweni mwayi woti majini oterewa akumane umakula.

CAIS ndi PAIS zimayenda pa kromozomu ya X. Pa odwala atatu alionse, awiri anatengera kwa mayi ndipo mmodzi zinayambira pa iye. Mayi akakhala nalo jinilo, theka la ana ake a XY amakhudzidwa, ndipo theka la a XX amalinyamula. Dokotala adzafunsa ngati kuchikazi kuli mayi aang'ono kapena aakulu amene sanasambepo.

Majini ena amafunika kuwatsatira pa zifukwa zina. WT1 ikawonongeka impso nazo zimadwala, ndiye mkodzo wa mwana uziyezedwa. NR5A1 imatha kubweretsa DSD mwa mwana wa XY, pamene mlongo wake wa XX angosiya kusamba msanga, choncho iyeyo adziwe zaka zake zobereka zisanathe. Mwa ana a XY opitirira theka, mayeso a masiku ano sapeza jini lenileni, ndipo chithandizo chimatsatira zimene mahomoni ndi sikani zasonyeza. Banja limene lili kale ndi mwana wa CAH likachirire kuchipatala chachikulu, ndipo khanda liyezedwe 17-OHP, sodium ndi potassium ngakhale litaoneka ngati mnyamata wabwinobwino.